Mutu 9: Kuika pulogalamu yoyendetsa kompyuta pogwiritsa ntchito fulashi

Chiyambi

M'mutu wapitawu tinaona ziwalo za kompyuta ndi ntchito zake. Tsopano tilowe m'chipinda chija chimene sukulu zambiri zili nacho, chipinda chokhala chokhoma, momwe muli makompyuta asanu kapena khumi ofunditsidwa nsalu. Ena amayaka koma amadya theka la piriyodi asanatseguke. Ena amangoonetsa mawu oyera pa sikirini yakuda n'kuima pomwepo. Mukafunsa, ahedi amangoti anafa kalekale. Kunena zoona, ambiri mwa makompyuta amenewa sanafe ayi. Chimene chinaonongeka ndi pulogalamu yoyendetsa kompyuta, ndipo inu mukhoza kuikamo ina nokha ndi kafulashi kokwana m'thumba la malaya.

Zitsanzo zanga nditenga ku Bindura, likulu la chigawo cha Mashonaland Central ku Zimbabwe, mtunda wosakwana makilomita 90 kuchokera ku Harare. Kumeneko kuli mgodi wa nikelo wa Trojan ndi mgodi wa golide wa Freda Rebecca, ndipo cha kum'mawa kuli mgodi wa Shamva. M'makomboni a migodiyi muli zidzukulu za anthu amene anachokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique kudzafuna ntchito, ndipo Chichewa chimamveka m'nyumba zambiri. Paja malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 anachiika m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka. Mgodi ukamayenda bwino, sukulu zoyandikana nawo zimapumirako: makolo amalipira fizi, ndipo munthu wodziwa kukonza makina sasowa. Koma mgodi wa Trojan unaimitsa ntchito mu 2008, unayambiranso mu 2012, ndipo mu 2024 boma linaika kampani yake m'manja mwa woyang'anira wapadera chifukwa cha mavuto a zachuma. Zikatere ndalama yoitanira katswiri kuchokera ku tauni imakhala yoyamba kuchotsedwa pa bajeti ya sukulu, pamene ana akufunikabe kuphunzira za makompyuta monga momwe silabasi yakhala ikufunira kuyambira 2017. Ntchito imatsalira mphunzitsi. Ngati inu muli ku Mchinji, ku Katete kapena ku Angonia, nkhani yake ndi yomweyi.

Pomaliza mutuwu muyenera kutha kukonza fulashi yoyatsira kompyuta, kuyesa pulogalamu yatsopano musanaiike, ndiponso kuiika popanda kutaya zolemba za sukulu. Khalani ndi kope pafupi. Muzilemba chilichonse chimene mwaona pa sikirini ndi chimene mwadina.

Chimachitika n'chiyani mukayatsa kompyuta?

Pulogalamu yoyendetsa kompyuta ndi imene imalamulira zonse: kiyibodi, sikirini, mafayilo ndi mapulogalamu ena monga olembera makalata. Windows ndi imodzi mwa izo, Linux ndi inanso. Imakhala pa hadi disiki. Koma mukadina batani loyatsira, si imeneyi imene imayamba kudzuka. Choyamba kudzuka ndi kapulogalamu kakang'ono kokhala m'bolodi la kompyuta lenilenilo. M'makompyuta akale kamatchedwa BIOS, m'makompyuta atsopano kamatchedwa UEFI. Ntchito yake ndi yonga ya kapitawo amene amalawirira shifti isanayambe. Amaona ngati zonse zili m'malo mwake, kenako amapita kukaitana woyendetsa ntchito. Ali ndi mndandanda wa malo okayang'ana: koyamba pa hadi disiki, akapanda kupeza kanthu pa DVD, kenako pa USB. Zimene ife tichite n'zosavuta. Tiika woyendetsa watsopano pa fulashi, ndipo timuuza kapitawoyo kuti lero ayambire kuyang'ana kumeneko.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa koyamba. Amatenga fayilo ya pulogalamu, kuikopera pa fulashi monga amachitira ndi nyimbo, n'kudabwa kuti kompyuta sikuiona. Ine ndaphunzitsa akuluakulu kuwerenga kwa zaka zambiri, ndipo BIOS imandikumbutsa wophunzira wa sabata yoyamba pa sukulu ya kwacha. Amadziwa zilembo zowerengeka, ndipo amayang'ana pamalo amodzi okha pa tsamba, pamene munamuonetsa dzulo. Mukalemba mawu pena, kwa iye tsambalo lilibe kanthu. Choncho fulashi iyenera kulembedwa mwanjira yapadera kuti malangizo oyambira akhale pamalo pamene BIOS kapena UEFI imayang'ana. Pali mapulogalamu ochitira zimenezi, ndipo tiwaona kutsogoloku.

Muikemo iti?

Yambani mwafunsa kompyutayo kuti ili ndi mphamvu zotani. Ngati ikuyakabe, dinani batani lakumanja la mausi pa chizindikiro cha "Computer" kapena "This PC", musankhe "Properties". Lembani kukula kwa RAM ndi dzina la purosesa.

Kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows XP mu Epulo 2014, Windows 7 mu Januwale 2020, ndipo chisamaliro chanthawi zonse cha Windows 10 chinatha pa 14 Okutobala 2025. Sikuti makompyuta amenewa anazima tsiku limenelo ayi. Amagwirabe ntchito, koma ziboo zimene akuba a pa intaneti amatulukira sizimatsekedwanso. Windows 11 imafuna RAM ya 4 GB, malo a 64 GB, ndi kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, komanso purosesa yatsopanoko, kwa Intel kuyambira cha m'ma 2017. Makompyuta ambiri amene anaperekedwa m'sukulu ngati mphatso safika pamenepa. Komanso Windows imafuna laisensi. Musalole munthu kukuikirani Windows yakuba imene amati yatsegulidwa kale, chifukwa simudziwa zina zimene anaikamo, ndipo kompyutayo ndi ya sukulu, si yanu.

N'chifukwa chake m'mutu uno tigwiritsa ntchito Linux. Anaiyamba ndi Linus Torvalds mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki, ndipo ndi yaulere, yololedwa kukopera ndi kugawira ena. Ili ndi mitundu yambiri. Ubuntu inatuluka mu 2004, ndipo anaiyambitsa ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa. Dzina lakelo simufunika womasulira, ndi umunthu womwewu. Linux Mint inayamba mu 2006 ndipo inamangidwa pa Ubuntu. Ine ndimakonda Linux Mint ya mtundu wa Xfce pa makompyuta a sukulu, chifukwa ndi yopepuka ndipo maonekedwe ake sasiyana kwambiri ndi Windows 7, moti mwana kapena mphunzitsi sasochera. Imafuna RAM yosachepera 2 GB ndi malo a 20 GB, ngakhale imayenda momasuka pa 4 GB. Imabwera ndi LibreOffice, imene imatsegula mafayilo a Word ndi Excel.

Kuyambira mu 2020 Linux Mint imafuna purosesa ya 64-bit. Musafulumire kutaya mtima mukaona kuti Windows yanu yalembedwa 32-bit. Makompyuta ambiri a Core 2 Duo ali ndi purosesa ya 64-bit ngakhale anaikidwa Windows ya 32-bit. Ngati purosesa ilidi ya 32-bit, yesani antiX, mtundu wa Linux wopangidwira makina akale kwambiri. Koma kompyuta ya RAM yosakwana 1 GB musavutike nayo kuti itsegule intaneti ya masiku ano. Ikhale yophunzirira kutayipa basi, kapena muchotsemo ziwalo zothandizira zinzake.

Kompyuta ya mu ofesi muisiye kaye. Ngati mlembi wa sukulu amaigwiritsa ntchito polembetsa ana mayeso a ZIMSEC kapena powerengera fizi, funsani ngati pulogalamu yakeyo imagwira pa Windows pokha. Yambirani m'chipinda cha ana, pa kompyuta imene aliyense anaitaya kale mtima.

Ntchito 1
Sankhani makompyuta atatu a pasukulu panu. Lembani dzina la kampani yopanga, purosesa, RAM ndi pulogalamu imene ilimo. Pa iliyonse nenani pulogalamu imene mungaikemo ndi chifukwa chake.

Sungani kaye zimene zilimo

Gawo ili ndilo lofunika kuposa ena onse, ndipo ndikhalitsapo pang'ono. Kuika pulogalamu yatsopano kumafufuta zimene zili pa disiki. Kompyuta mukhoza kuiikanso pulogalamu kakhumi osaonongeka, koma malikisi a ana a zaka zitatu akapita, apita.

Ndikuuzeni zimene zinandionekera ine. Pa sukulu ina ya madzulo m'komboni ya mgodi tinali ndi kompyuta imodzi. Pophunzitsa kuwerenga tinkapempha ophunzira athu, ambiri a iwo madala opuma ntchito ndi amayi achikulire, kuti asimbe mbiri ya moyo wawo. Ife tinkatayipa mawu awo momwe anawayankhulira, n'kuwasindikiza kuti akhale buku lawo loyamba kuwerenga. Munali nkhani za ulendo wochokera kumudzi, za Mthandizi amene ankalemba anthu ntchito, za tsiku loyamba kutsika pansi. Kompyuta itayamba kuvuta ndinaganiza zoikamo pulogalamu ina. Ndinasamutsa nkhani zonse kuchoka pa C: kupita pa D:, mtima uli m'malo kuti ndasunga. Sindinadziwe kuti C: ndi D: zinali zipinda ziwiri za nyumba imodzi, disiki imodzi yogawidwa pakati. Nditasankha kufufuta disiki, zonse ziwiri zinapita limodzi. Zina tinazitayipanso kuchokera pa mapepala amene ophunzira anasunga. Zina sitinazipezenso, ndipo awiri mwa eni nkhanizo anali atatisiya kale. Panalibe wina womuloza chala, wolakwa ndinali ine.

Ndiye mverani. Kusunga kwenikweni ndi kukopera mafayilo pa chinthu chimene mungachizule n'kuchiika m'kabati: fulashi ina, kapena hadi disiki yakunja. Isakhale fulashi yomwe mukufuna kuikapo pulogalamu, chifukwa iyonso ifufutidwa. Yang'anani mu Documents, pa Desktop, mu Downloads, mu Pictures, ndiponso mu akaunti ya munthu aliyense amene amagwiritsa ntchito kompyutayo. Aphunzitsi anzathu amasunga masikimu awo m'malo odabwitsa, choncho lengezani mu sitafu rumu sabata imodzi isanakwane ntchitoyo. Mukatha kukopera, pitani ndi fulashiyo pa kompyuta ina mukatsegule mafayilo angapo. Mukaona ndi maso anu kuti akutseguka, apo ndiye mwasunga. Pomaliza pemphani chilolezo kwa ahedi, ndipo chikhale cholembedwa. Tsiku lina wina akadzasowa fayilo yake, kapepala kameneko kadzakuyankhulirani.

Nanga ngati Windows siikutseguka n'komwe? Musadandaule, fulashi yomwe tikonzeyi ikuthandizani kutulutsa mafayilowo. Tifikapo.

Kukonza fulashi

Mufunika fulashi ya 8 GB kapena kuposa, ndi kompyuta ina yomwe ikugwira bwino ntchito. Gulani fulashi m'sitolo yodalirika. Pali mafulashi achinyengo olembedwa 64 GB pamene m'kati mwake muli malo ochepa kwambiri. Amaoneka ngati alandira fayilo, koma mukafuna kuiwerenga mumapeza yoonongeka.

Pulogalamu yonse imabwera ngati fayilo imodzi yaikulu yothera ndi zilembo za ISO. Ya Linux Mint ndi pafupifupi 3 GB. Ichi si chinthu chochita dawunilodi ndi bandulo ya foni yanu muli ku Shamva netiweki ikubwerabwera. Konzani tsiku limene mukupita ku tauni, mupeze malo a intaneti yokhazikika, ndipo muitenge pa webusaiti ya eni ake, linuxmint.com, osati pena. Ubwino wake ndi woti mumachita kamodzi kokha. Fulashi imodziyo ikwanira makompyuta onse a pasukulu panu ndi a sukulu zoyandikana nazo.

Intaneti ikadukiza, fayilo ikhoza kufika yoperewera koma ikuoneka ngati yathunthu. Pofuna kutsimikiza, eni ake amasindikiza nambala yaitali ya zilembo ndi manambala 64 yotchedwa SHA256. Ili ngati chidindo cha chala cha fayiloyo. Kanthu kamodzi kokha kakasintha m'fayilo, nambala yonse imasintha. Pulogalamu ya Rufus, imene tigwiritse ntchito, ili ndi kabatani kowerengera nambalayi pafupi ndi pamene mumasankhira fayilo. Yerekezani ndi ya pa webusaiti. Ambiri amadumpha sitepe imeneyi, kenako amataya Loweruka lathunthu akulimbana ndi kompyuta yosalakwa.

Rufus ndi kapulogalamu kakang'ono kaulere ka pa Windows, kolembedwa ndi Pete Batard, ndipo kamapezeka pa rufus.ie. Lowetsani fulashi, zulani mafulashi ena onse, tsegulani Rufus. Pa "Device" onetsetsani kuti pali dzina ndi kukula kwa fulashi yanu. Dinani "SELECT" musankhe fayilo ya ISO ija. Pa "Partition scheme" pali MBR ndi GPT. MBR ndi ya makompyuta akale a BIOS, GPT ndi ya UEFI. Pa Linux Mint siyani pa MBR monga Rufus yasankhira, chifukwa fulashi yotero imayatsa mitundu yonse iwiri. Dinani "START". Ikuchenjezani kuti zonse za pa fulashi zifufutidwa. Vomerani, mudikire mpaka mzere wobiriwira utadzaza. Mukatha imatireni kapepala kolembedwa dzina la pulogalamu ndi tsiku, kuti wina asadzaitenge kukaikamo nyimbo za kwaya.

Palinso pulogalamu ina yotchedwa Ventoy, imene inatuluka mu 2020. Imeneyi mumaiika pa fulashi kamodzi, kenako mafayilo a ISO mumangowakopera wamba, angapo pa fulashi imodzi, n'kumasankha poyatsa. Ndi yothandiza mukazolowera. Ulendo woyamba gwiritsani ntchito Rufus.

Kuyatsa kompyuta ndi fulashi

Zimitsani kompyuta kotheratu. Lowetsani fulashi, ndipo ngati ndi kompyuta ya padesiki gwiritsani ntchito mabowo a USB akumbuyo, chifukwa akutsogolo ndi amene ana amawathyola. Yatsani, ndipo nthawi yomweyo yambani kudina batani lotsegula mndandanda wa poyambira. Pa Dell ndi Lenovo kawirikawiri ndi F12, pa HP ndi F9 kapena Esc, pa Asus ndi Esc kapena F8. Musalipanikize, muzilidina mobwerezabwereza ngati mukugogoda pakhomo. Mpata wake ndi wa masekondi awiri kapena atatu. Mukaona chizindikiro cha Windows ndiye kuti mwachedwa, zimitsani muyambirenso. Palibe amene amakhoza ulendo woyamba, ngakhale akatswiri.

Mndandanda ukatuluka, sankhani dzina la fulashi yanu ndi mabatani a mivi, mudine Enter. Ngati fulashi ikuoneka kawiri, kwina ndi mawu a UEFI kutsogolo, sankhani ya UEFI. Ikapanda kuoneka, yesani bowo lina. Ikakanabe, lowani mu BIOS ndi F2, F10 kapena Del, mupeze tsamba la "Boot", muone ngati kuyatsira pa USB n'kololedwa. Musasinthe zinthu zimene simukuzidziwa, ndipo chimene mwasintha chilembeni m'kope. Muli momwemo onani tsiku ndi nthawi. Ngati kompyuta ikuganiza kuti tili m'chaka chakalekale, kabatire kake kozungulira ngati ndalama yachitsulo katha. Nambala yake ndi CR2032. Kasintheni, chifukwa tsiku likalakwika mawebusaiti ambiri amakana kutseguka.

Lawani musanagule

Pakapita mphindi zochepa muona Linux Mint yatseguka yonse, ndi mausi ikuyenda. Dziwani kuti simunaike kanthu. Pulogalamuyi ikuyenda kuchokera pa fulashi, ndipo disiki ya kompyuta sinakhudzidwe. Mukazimitsa n'kuzula fulashi, zonse zibwerera mwakale. Apa ndi pamene Linux imaposa Windows kwa munthu wophunzira, chifukwa fulashi ya Windows imangopita molunjika kokaika.

Gwiritsani ntchito mpata umenewu. Tayipani zilembo zonse za pa kiyibodi. Imbani nyimbo muone ngati mawu akutuluka. Yesani Wi-Fi. Lumikizani pulinta ya sukulu musindikize tsamba limodzi, chifukwa pulinta ndi imene imabweretsa mikangano pambuyo pake. Ikamachedwa musadabwe, fulashi siithamanga ngati disiki.

Tsopano za kompyuta ija yokana kutseguka. Tsegulani pulogalamu yoonetsa mafayilo, ndipo nthawi zambiri muona disiki ya Windows ili pomwepo. Itseguleni, lowani mu foda ya "Users", kapena "Documents and Settings" ngati inali XP, mukopere mafayilo pa fulashi yachiwiri. Ndaonapo mlembi wa sukulu akuomba m'manja ataona kaundula amene ankati anatayika chaka chatha. Njirayi imalephera ngati disiki inatsekedwa ndi BitLocker ndipo mulibe kiyi yake, kapena ngati disikiyo yafadi. Disiki yomveka kugogoda m'kati, kapena yosaoneka n'komwe mu BIOS, ndi yofunika kusintha. Mukamagula ina, gulani ya mtundu wa SSD. Kompyuta yakale imasanduka ina ndithu.

Ntchito 2
Yatsani kompyuta imodzi ndi fulashi yanu koma musaike kanthu. Lembani batani limene linatsegula mndandanda, zinthu zimene zagwira ntchito ndi zimene zakana.

Kuika pulogalamu

Musanayambe ganizirani za magetsi. Ntchitoyi imatenga mphindi 20 mpaka ola limodzi malinga ndi msinkhu wa kompyuta, ndipo kuno magetsi amatha kupita osatsanzika, makamaka m'zaka zimene madzi achepa ku Kariba monga zinalili mu 2022 ndi 2024. Sankhani nthawi imene kwanuko amakhalitsa. Laputopu ikhale yodzaza batire. Ngati sukulu ili ndi sola kapena UPS, lumikizani kumeneko. Magetsi akazima muli pakati poika pa disiki yofufutidwa kale, palibe chaonongeka, mungoyambiranso. Choopsa ndi pamene azima kompyuta ili m'kati mogawa disiki imene ili ndi mafayilo ofunika.

Zulani fulashi kapena disiki imene munasungirapo mafayilo, muiike kutali. Mu kompyuta mutsale fulashi yoyatsira yokha. Kenako dinani kawiri pa "Install Linux Mint".

Mafunso oyamba ndi osavuta. Chilankhulo sankhani Chingerezi. Pa kiyibodi pali ya ku America ndi ya ku Britain, ndipo pali kabokosi koyeserapo. Dinani Shift ndi 2. Pakatuluka chizindikiro chosiyana ndi chimene chajambulidwa pa batanilo, sankhani inayo. Mukafunsidwa za "multimedia codecs" vomerani ngati muli ndi intaneti, kuti mavidiyo a maphunziro azitseguka.

Kenako pabwera tsamba lolembedwa "Installation type". Chotsani dzanja pa mausi. Werengani mokweza, ngati mmene timawauzira ophunzira athu akamasaina fomu ya ku banki. Kusankha "Install alongside" kumasiya Windows ndi mafayilo ake, n'kuika Linux pambali, ndipo poyatsa muzisankha imene mukufuna. Kusankha "Erase disk" kumafufuta disiki yonse, C: ndi D: ndi chilichonse chili pamenepo. "Something else" ndi ya amene akudziwa kugawa disiki pamanja, ndipo lero si yanu. Pa makompyuta a ana ine ndimalangiza kufufuta disiki yonse, chifukwa mapulogalamu awiri pa disiki yaing'ono amangopanikizana, ndipo Windows yakale ija imakhalabe ndi mavairasi ake. Koma musankhe zimenezi pokhapokha mutatsegula kale mafayilo anu pa kompyuta ina n'kuwaona.

Linux sitchula madisiki kuti C: kapena D:. Imati sda, sdb, kapena dzina loyamba ndi nvme. Musadalire dzina, yang'anani kukula. Ngati kompyuta ili ndi madisiki awiri enieni ndipo simukutsimikiza, bwererani m'mbuyo. Kufikira pano simunasinthe kanthu. Mukadina "Install Now" pabwera chenjezo lomaliza lotchula disiki imene ikhudzidwe. Mukavomera pamenepo, kubwerera kulibe.

Zotsala ndi zopepuka. Pa mapu sankhani Harare, kapena Blantyre, Lusaka, Maputo, nthawi yake ndi imodzi. Lembani dzina la akaunti ndi mawu achinsinsi. Akaunti yoyambayi ndi ya woyang'anira, ndipo ili ndi mphamvu yosintha chilichonse, choncho isapatsidwe kwa ana. Mawu achinsinsiwo alembeni, muwaike mu envelopu yomata, musungitse kwa ahedi. Aphunzitsi timasamutsidwa, eti? Musasiye sukulu ndi makompyuta khumi amene palibe angawatsegule. Patsani kompyuta iliyonse dzina lake, monga labu01, labu02, ndipo mulembe dzinalo pa bokosi lake. Ikamaliza ikuuzani kuti muyatsenso, muzule fulashi, mudine Enter.

Ngati mwasankha Windows yokhala ndi laisensi, njira yake ndi yofanana. Fulashi mukhoza kuikonza ndi Rufus kapena ndi Media Creation Tool ya Microsoft. Tsamba loopsa kumeneko ndi limene limafunsa pamene mukufuna kuika Windows, n'kuonetsa zigawo za disiki ndi batani la "Delete". Dziwaninso kuti Windows 11 imafuna intaneti pomaliza kuikonza.

Mukamaliza

Pangani akaunti yachiwiri ya ophunzira, yopanda mphamvu za woyang'anira. Mukapeza intaneti tsegulani "Update Manager" kuti pulogalamu ilandire zokonza zatsopano. Mu "Software Manager" mupezamo GCompris, ya masewera ophunzitsa ana aang'ono kuwerenga ndi masamu, Tux Paint yojambulira, ndi Kiwix, imene imalola kuwerenga Wikipedia popanda intaneti mukakopera fayilo yake kamodzi. Bwezerani mafayilo a aphunzitsi, ndipo muitane mwini aliyense adzaone ake inu muli pomwepo.

Kwa ife ophunzitsa Chichewa pali kanthu kena kakang'ono. Chilembo cha ŵ, chija cha m'dzina la Malaŵi, sichipezeka pa kiyibodi. Mu LibreOffice tayipani 0175 kenako mudine Alt ndi X pamodzi, ndipo manambalawo asanduka ŵ. Cha chachikulu ndi 0174. Mudzaonanso mizere yofiira pansi pa mawu onse a Chichewa ndi Chishona, chifukwa kompyuta ikuwayesa Chingerezi cholakwika. Dinani Shift ndi F7 kuti ichoke. Ophunzira achikulire mizere imeneyi imawakhumudwitsa kwambiri, amaganiza kuti makina akuwadzudzula.

Tsegulaninso bokosi la kompyuta kamodzi pa teremu, itazimitsidwa ndi kuzulidwa ku magetsi, mupukute fumbi la pa fani ndi kaburashi kouma. Kufupi ndi migodi ndi misewu ya malole fumbi limachuluka, makamaka kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, ndipo kompyuta yotsamwa fumbi imatentha n'kumazima yokha. Munthu amayamba kukayikira pulogalamu imene waika, pamene vuto ndi fani.

Ntchito 3, yotumiza kwa mlangizi wanu
Mutalandira chilolezo cha ahedi, ikani pulogalamu pa kompyuta imodzi. Lembani lipoti la masamba awiri lofotokoza kumene munasunga mafayilo ndi mmene munatsimikizira kuti asungikadi, zimene munasankha pa tsamba la "Installation type" ndi chifukwa chake, ndiponso vuto lililonse limene munakumana nalo. Ngati zinakanika, tumizanibe lipotilo, ndipo mukopere mawu amene anaoneka pa sikirini chilembo ndi chilembo. Kenako phunzitsani mphunzitsi mnzanu mmodzi pa kompyuta yachiwiri, iye agwire mausi, inu manja kumbuyo. Onjezani ndime imodzi yonena pamene iye anakakamira ndi mawu amene munagwiritsa ntchito pomufotokozera.